FreeFEM, GetDP, CalculiX kapena Elmer: kusankha pulogalamu ya finite element yoyendetsera pa terminal

Wophunzira uinjiniya ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology akafika pa pulojekiti ya chaka chomaliza, kawirikawiri amafunsidwa kuti aonetse ndi manambala kuti chitsulo chimene wasankha chidzasenza katundu, kapena mmene kutentha kudzadutsire m'khoma, kapenanso mmene mphamvu ya maginito idzafalikire mu transformer. Funso lomweli limawapezanso amisiri a makampani ang'onoang'ono a ku Graniteside, ku Msasa ndi ku Workington. Mapulogalamu otchuka pa ntchitoyi, monga ANSYS, Abaqus ndi COMSOL, amafuna laisensi yolipira ndi ndalama zakunja, ndipo makope aulere amene ena mwa iwo amapereka kwa ophunzira ali ndi malire pa kukula kwa vuto limene angawerengere. Alipo mapulogalamu ena aulere, ambiri ochokera m'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku a ku Ulaya, amene amagwira ntchito yomweyo koma amayendetsedwa polemba malamulo pa terminal, windo lakuda lija la malemba okhaokha. Achinyamata a m'mabanja athu a ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Highfield akamafunsa kuti ayambire pa iti, yankho langa limadalira mmene vuto lawo lilili pamene akulibweretsa pa kompyuta: kodi ndi ikweshoni yolembedwa pa pepala, kapena ndi chinthu chogwirika chokhala ndi miyeso yake ndi katundu woti chisenze? Mapulogalamuwa anagawikana motsatira funso limeneli, ndipo amene walisankhira pulogalamu yosayenera amavutika milungu yambiri pa ntchito ya masiku ochepa.

Onsewa amatsata njira imodzi. Chinthu chimene tikufuna kuchimvetsa, kaya ndi mtanda wachitsulo kaya ndi dothi lozungulira mjigo, chimagawidwa m'tizidutswa tambirimbiri ta makona atatu kapena tooneka ngati timabokosi, ndipo tizidutswa tonseto pamodzi timapanga mesh. M'kachidutswa kalikonse yankho limayerekezedwa ndi masamu osavuta, kawirikawiri mzere wowongoka kapena wokhota pang'ono, kotero kuti ikweshoni imene inali yosatheka kuimaliza ndi pensulo imasanduka gulu la maikweshoni wamba masauzande ambirimbiri, lolembedwa mwachidule kuti Ku = f, pamene u ndi manambala osadziwika amene tikufuna, f ndi katundu kapena mphamvu zimene tapereka, ndipo K ndi matrix, tebulo la manambala lolumikiza ziwirizi. Maganizo amenewa anaonekera kale mu ntchito ya Richard Courant ya mu 1943, ndipo dzina lakuti finite element analibweretsa ndi Ray Clough wa ku Berkeley mu 1960. Matrix K imakhala yaikulu koopsa koma yodzaza ndi maziro, chifukwa node iliyonse, kutanthauza mfundo pamene tizidutswa timakumana, imakhudzana ndi zoyandikana nayo zokha, ndipo ichi ndicho chimachititsa kuti laputopu wamba ithe kumaliza vuto la manambala osadziwika 100,000 popanda kubanika.

Ena amaona ngati kulemba malamulo pa windo lakuda ndi kubwerera m'mbuyo, koma kwa munthu wokhala mu Harare njirayi ili ndi phindu looneka ndi maso. Vuto lonse limakhala m'mafayilo a malemba wamba, aang'ono moti mutha kuwatumiza kwa mphunzitsi wanu pa WhatsApp osamaliza bandulo, ndipo iye akayendetsa lamulo lomwelo amapeza manambala omwewo. Mukafuna kuyesa makulidwe khumi osiyanasiyana a chitsulo, mumalemba kalupu kamodzi mu Bash kapena mu Python n'kuisiya kompyuta igwire ntchito usiku, nthawi imene magetsi amakonda kukhalapo. Komanso makompyuta aakulu, monga a ku Zimbabwe Centre for High Performance Computing ku Mount Pleasant, amene anatsegulidwa mu 2015, amalandira ntchito kudzera pa terminal, choncho amene anazolowera kale njirayi pa laputopu yake sayambiranso pachiyambi akapatsidwa malo kumeneko.

Ntchito ili ndi magawo atatu: kupanga mesh, kumaliza maikweshoni, ndi kuona zotsatira. Pa gawo loyamba ndi lomaliza palibe mkangano waukulu, popeza pafupifupi onse amagwiritsa ntchito Gmsh popanga mesh ndi ParaView poona zithunzi. Gmsh inalembedwa ndi Christophe Geuzaine ndi Jean-François Remacle a ku Belgium. Mumafotokoza maonekedwe a chinthu mu fayilo ya .geo, kapena mumabweretsa fayilo ya STEP yochokera ku FreeCAD, kenako mumalemba `gmsh -3 nsanja.geo` ndipo mesh imatuluka. Zinthu ziwiri zimakola oyamba kumene. Mukangotchula Physical Group imodzi, ndiko kuti gulu la mbali za chinthu limene mwalipatsa dzina kapena nambala, Gmsh imasunga tizidutswa ta m'magulu otchulidwa tokha, ndipo ena onse amasowa mu fayilo ngakhale kuti pa chithunzi amaoneka. Chachiwiri n'chakuti kalembedwe ka fayilo ya .msh kanasintha pa Gmsh 4, pamene mapulogalamu ena akale amawerenga kalembedwe ka 2.2 kokha, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera `-format msh22` pa lamulo lija. Kusankha kwenikweni kuli pa gawo lapakati.

Ngati vuto lanu ndi ikweshoni, yambani ndi FreeFEM. Inachokera ku Paris, kumene Olivier Pironneau anaiyamba m'zaka za m'ma 1980, ndipo Frédéric Hecht wa ku Laboratoire Jacques-Louis Lions ndi amene waikulitsa kwa zaka zambiri. Chilankhulo chake chimafanana ndi C++, koma chinakonzedwa kuti munthu alembe weak form, kalembedwe ka ikweshoni ka ma integral kamene njira ya finite element imayambirapo, pafupifupi mmene imaonekera m'kope la masamu. Tengani ikweshoni ya Poisson, imene imafotokoza zinthu zambiri zimene timakhala nazo, monga kutentha kodutsa m'khoma la balani la fodya kapena madzi apansi oyenda kulowera ku mjigo malinga ndi lamulo la Darcy la mu 1856. Pa sikweya ya muyeso 1 mbali zonse, yokhala ndi ziro m'malire monse, pulogalamu yonse ndi iyi:

```
mesh Th = square(20,20);
fespace Vh(Th,P1);
Vh u,v;
solve Poisson(u,v) = int2d(Th)(dx(u)*dx(v)+dy(u)*dy(v))
    - int2d(Th)(v) + on(1,2,3,4,u=0);
cout << u[].max << endl;
```

Mukaisunga monga poisson.edp n'kulemba `FreeFem++ -nw poisson.edp`, pamatuluka nambala yoyandikira 0.0737, imene ndi yankho lodziwika la vutoli pakatikati pa sikweya. Mukasintha 20 kukhala 40, kusiyana kwa nambala yanu ndi yankho lenileni kumachepa pafupifupi kanayi, monga mmene masamu a tizidutswa ta P1, toyerekeza yankho ndi mzere wowongoka, amanenera, ndipo kuona zimenezi ndi maso anu kumaphunzitsa zambiri kuposa mutu wathunthu wa m'buku. FreeFEM ili ndi chopangira mesh chakechake, komanso lamulo la `adaptmesh` limene limachepetsa tizidutswa pamalo pokhapo pamene yankho likusintha mofulumira, monga m'mbali mwa mjigo uja, n'kusiya tikulutikulu kwina konse. Kufooka kwake n'kwakuti sidziwa kanthu za chitsulo kapena konkire. Mukafuna kuwerengera mtanda, maikweshoni a elasticity mulemba nokha, ndipo zinthu monga zitsulo ziwiri zogundana kapena chitsulo chopindika mosabwerera zimafuna ntchito yaikulu imene ena anaimaliza kale m'mapulogalamu ena.

GetDP nayonso ndi ya anthu obwera ndi ikweshoni, koma khalidwe lake ndi lina. Inayamba mu 1997 ku University of Liège, yolembedwa ndi Patrick Dular ndi Geuzaine yemwe uja wa Gmsh, n'chifukwa chake ziwirizi zimagwirizana bwino kwambiri. Fayilo yake ya .pro imagawidwa m'zigawo khumi, zimene ndi Group, Function, Constraint, FunctionSpace, Jacobian, Integration, Formulation, Resolution, PostProcessing ndi PostOperation, ndipo chigawo chilichonse chimafuna kuti munene poyera chinthu chimene FreeFEM ikanakusankhirani mwakachetechete. Vuto la Poisson la mizere isanu ndi umodzi lija limatenga mizere makumi angapo mu GetDP. Oyamba kumene ambiri amataya mtima pamenepa, ndipo sindingawadzudzule. Komabe kugawa kumeneku kuli ndi cholinga chake: masamu a vuto amakhala padera, maonekedwe a chinthu padera, kotero kuti Formulation imene munailemba kamodzi ya maginito mutha kuigwiritsa ntchito pa transformer lero ndi pa mota mawa osasintha chilembo.

Pa nkhani za magetsi ndi maginito ndi pamene ndimaiika GetDP patsogolo pa onse. Ili ndi tizidutswa timene manambala ake osadziwika amakhala m'mbali mwa kachidutswa osati pa ma node, ndipo timeneti ndi tofunika kuti yankho la maikweshoni a Maxwell lisatuluke ndi zabodza pamalire a chitsulo ndi mpweya. Imatha kuwerengera mwachindunji pa 50 Hz ya magetsi athu, ndiponso kulumikiza mesh ndi dera la magetsi lakunja, kuti munene kuti koyilo iyi yapatsidwa ma volt angati, pulogalamu ipeze yokha ma amp. Kwa munthu amene akufufuza chifukwa chimene mota yokulungidwanso imatenthera kuposa kale, ichi ndi chida choyenera. Lamulo lake limaoneka motere: `getdp trafo.pro -msh trafo.msh -solve Maginito -pos Mapu`, pamene Maginito ndi Mapu ndi maina amene inu munapatsa Resolution ndi PostOperation mu fayilo. Chenjerani ndi manambala a mu Group, chifukwa ayenera kufanana ndendende ndi manambala a Physical Group a mu Gmsh. Nambala imodzi ikalakwika, dera lonse limakhala lopanda kachidutswa, ndipo nthawi zina pulogalamu imayenda mpaka kumapeto n'kukupatsani maziro. Ubwino wina waung'ono koma wofunika kuno ndi wakuti GetDP ndi Gmsh zimabwera pamodzi m'phukusi la ONELAB, limene mumangolimasula n'kuyamba ntchito, popanda kupempha chilolezo cha woyang'anira makompyuta a mu labu.

FEniCS, imene inayamba mu 2003 mwa mgwirizano wa akatswiri a ku Chicago ndi ku Chalmers ku Sweden, imachita zofanana ndi FreeFEM koma mu Python, ndipo kwa wochita kafukufuku amene amakhala kale ndi NumPy tsiku ndi tsiku imakoma kwambiri. Kulemba `mpirun -n 4 python3 vuto.py` kumagawa ntchito pa ma core anayi popanda kusintha zambiri mu pulogalamu. Ndimazengereza kuipereka kwa oyamba kumene pa zifukwa ziwiri. Ilipo m'mibadwo iwiri, DOLFIN yakale imene inaima pa 2019.1.0 ndi DOLFINx yatsopano, ndipo zitsanzo zambiri za pa intaneti zoyamba ndi `from fenics import *` ndi za yakale, moti siziyenda pa yatsopano. Wophunzira amataya sabata akuganiza kuti walakwitsa masamu pamene vuto ndi mbadwo wa pulogalamu. Kuiika nakonso kumadya bandulo, chifukwa imabwera ndi PETSc, MPI ndi zina zambiri kudzera pa conda kapena Docker. Amene akulemba digiri ya udokotala pa njira zatsopano za masamu angayang'anenso deal.II ya ku Heidelberg, koma imeneyo ndi laibulale ya C++ imene mumamangira pulogalamu yanuyanu, ndipo ndi nkhani ina.

Tsopano tibwere kwa munthu amene wabwera ndi chinthu chogwirika. M'madera ambiri a mu Harare muli mathanki a madzi okwezedwa pa nsanja zachitsulo, ndipo thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5 a madzi okha, pafupifupi 49 kN, pamwamba pa miyendo inayi yowotcherera. Wofuna kudziwa ngati nsanja yotere ili yolimba safuna kulemba weak form. Amafuna kunena kuti chitsulo ndi chamtundu wakuti, miyendo yamangidwa pansi apa, katundu ali apa, ndipo pulogalamu yake ndi CalculiX. Inalembedwa ndi Guido Dhondt ndi Klaus Wittig, mainjiniya a kampani yopanga mainjini a ndege ya MTU Aero Engines ku Munich, ndipo ili m'magawo awiri, ccx yowerengera ndi cgx yoonera. Fayilo yake ya .inp imatsata kalembedwe ka Abaqus, choncho amene waphunzira CalculiX ali pa sukulu sakhala mlendo akadzalembedwa ntchito pa kampani imene inagula Abaqus. Muli mizere yoyamba ndi nyenyezi: *NODE ndi *ELEMENT za mesh, *MATERIAL ndi *ELASTIC za chitsulo, *BOUNDARY ya pamene pamangidwa, kenako *STEP, *STATIC ndi *CLOAD kapena *DLOAD za katundu. Mumalemba `ccx nsanja`, osaika .inp kumapeto, ndipo pamatuluka fayilo ya .frd ya zithunzi ndi ya .dat ya manambala amene munapempha.

Pa nsanja yotere, *STATIC yokha sikwanira. Mwendo wautali wowonda umatha kupindika mwadzidzidzi chitsulo chisanafike n'komwe pa mphamvu imene chimagonjera, ndipo chithunzi cha stress, mphamvu yopanikiza kapena kukoka mkati mwa chitsulo, chimaoneka chabwinobwino pamene nsanjayo ili pafupi kugwa. Sitepe ya *BUCKLE ndi imene imapereka nambala yosonyeza kuti katundu wanu angachulukitsidwe kangati miyendo isanapindike, ndipo ndi pamenepo pamene phindu la zitsulo zopingasa limaonekera. Nambalayo imawerengedwa ngati kuti miyendo ndi yowongoka bwinobwino, pamene chitsulo chogula ku Mbare n'kuwotcherera pabwalo sichikhala chotero, choncho nambala yongopitirira 1 pang'ono musaikhulupirire. Pulogalamu sionanso ngati wowotcherera anagwira bwino ntchito, ndipo pa chomangidwa chimene pansi pake pamadutsa anthu pamafunikabe injiniya wolembetsedwa ndi Engineering Council of Zimbabwe.

CalculiX, monga anzake onse, sidziwa mayunitsi. Imalandira manambala n'kubweza manambala. Ngati miyeso yanu ili mu mamilimita ndipo mphamvu ili mu ma newton, E, nambala yosonyeza kuuma kwa chitsulo, ndi 210,000, ndipo kulemera kwake kuyenera kulembedwa 7.85e-9, m'matani pa kiyubiki milimita; mukalemba 7850 yozolowereka ija, nsanja yanu imalemera kuposa phiri ndipo pulogalamu siidandaula. N'chifukwa chake musanawerengere nsanja yonse ndi bwino kuyesa vuto limene yankho lake mungalipeze ndi dzanja. Tengani ndodo yachitsulo ya 20 mm mbali zonse, yotalika 1,000 mm, yomangidwa mbali imodzi, ndi katundu wa 100 N kunsonga. Lamulo la PL³/3EI, pamene P ndi katundu, L ndi kutalika, ndipo I, nambala yochokera ku makulidwe a ndodoyo, ndi 13,333, limapereka kutsika kwa 11.9 mm. Mukapanga mesh ya tizidutswa ta C3D4, ta ma node anayi, mupeza kuti ndodoyo yatsika mochepera pamenepa, chifukwa tizidutswa timeneti ndi touma kwambiri pa kupinda. Mukasinthira ku C3D10, ta ma node khumi, timene Gmsh imapanga mukawonjezera `-order 2`, nambala imayandikira 11.9 ngakhale mesh ili ya tizidutswa tochepa. Cholakwa cha C3D4 chimapendekera mbali yoopsa, popeza chimaonetsa chinthu ngati cholimba kuposa mmene chilili. Dziwaninso kuti CalculiX imasandutsa tizidutswa ta beam (ta mitanda) ndi shell (ta zinthu zopyapyala ngati malata) kukhala ta 3D isanayambe kuwerengera, zimene nthawi zina zimabweretsa zachilendo pa mfundo pamene zitsulo zingapo zakumana. Amene ali pa Windows ndipo akufuna kuona zimene akuchita angathandizidwe ndi PrePoMax, yolembedwa ku University of Maribor ku Slovenia, imene imalemba fayilo ya .inp yoti muisinthe ndi dzanja pambuyo pake.

Code_Aster ndi yaikulu kuposa CalculiX pa zimene imadziwa. Kampani ya magetsi ya ku France, EDF, inayamba kuilemba mu 1989 kuti iziwerengera malo ake opangira magetsi ndi madamu, ndipo inaitulutsa kwaulere mu 2001. Konkire yong'ambika, zivomezi, kutopa kwa chitsulo, dothi ndi madzi ake, zonsezi zilimo ndipo zinayesedwa pa zitsanzo masauzande. Wofuna kuphunzira mmene khoma lokhota la konkire la mtundu wa Kariba, lotalika mamita 128, limasenzera madzi ndi kutentha kwa dzuwa, apeza zida zake muno. Mtengo wake ndi nthawi yanu. Malamulo a mu fayilo ya .comm ali m'Chifalansa, monga LIRE_MAILLAGE, AFFE_MODELE, DEFI_MATERIAU ndi MECA_STATIQUE, mabuku ake ambiri analembedwanso m'Chifalansa, ndipo phukusi la Salome-Meca limene ambiri amaipezeramo ndi la magigabayiti. Kuigwiritsa ntchito pa nsanja ya thanki kuli ngati kubwereka lole kuti mukagule mulu wa tomato ku Mbare Musika.

Elmer ili pakati pa magulu awiriwa, ndipo malo ake ndi pamene zinthu ziwiri kapena zitatu zikuchitika nthawi imodzi n'kumakhudzana. Inayamba mu 1995 ku CSC, likulu la makompyuta a sayansi la dziko la Finland, ndipo inakhala yaulere mu 2005. Simulemba weak form. Mumasankha pa ma solver, zigawo za pulogalamu zomaliza maikweshoni, okonzedwa kale, a kutentha, a madzi oyenda, a elasticity, a magetsi, n'kuwalumikiza mu fayilo ya .sif. Giza ya dzuwa ya padenga ndi chitsanzo chabwino, chifukwa kutentha kumayendetsa madzi ndipo madzi oyendawo amanyamula kutentha, moti simungawerengere chimodzi popanda chinzake. Chimodzimodzinso koyilo imene magetsi amaitenthetsa ndipo kutenthako kumasintha mmene waya akukanira magetsi. Mesh ya Gmsh mumaisandutsa ndi `ElmerGrid 14 2 giza.msh -autoclean`, kenako `ElmerSolver giza.sif`, ndipo zotsatira zimatuluka mu .vtu ya ParaView. Kumbukirani kuti `-autoclean` imasintha manambala a matupi ndi malire kuti ayambire pa 1, choncho onaninso manambala atsopanowo musanalembe Boundary Condition. Mu gawo la Header ikanimo `Check Keywords "Warn"` kuti pulogalamu ikuchenjezeni mukalakwitsa kalembedwe ka liwu, apo ayi mutha kuyendetsa vuto lonse ndi nambala imene simunaisankhe. Chovuta cha Elmer chimabwera pamene ma solver olumikizanawo akana kukhazikika pa yankho limodzi, ndipo pamenepo mumayenera kumvetsa ma tolerance ndi relaxation, zimene zitsanzo zokonzedwa kale sizimaphunzitsa mokwanira. Pa maginito okha ndingasankhebe GetDP, koma maginito akaphatikizana ndi kutentha ndi mpweya woziziritsa, Elmer imachepetsa ntchito yolemba.

Pali nkhani imodzi imene imakhudza mapulogalamu onsewa mofanana, ndipo kwa ife imalemera kuposa kusiyana kwawo: memory ya laputopu ndi magetsi. Mukachepetsa kukula kwa tizidutswa ndi theka, chiwerengero chake chimachuluka kanayi mu 2D koma kasanu ndi katatu mu 3D, ndipo pa vuto la chitsulo node iliyonse ili ndi manambala osadziwika atatu, kotero kuti mesh ya ma node 200,000 ndi maikweshoni 600,000. Ma solver achindunji, monga SPOOLES ya mu CalculiX kapena MUMPS imene GetDP, Elmer ndi Code_Aster zimatha kuitana, ndi odalirika, koma pogwira ntchito amadzaza malo ambiri amene anali maziro mu matrix, ndipo mu 3D laputopu ya 8 GB imatha kudzaza msanga. Ma solver obwerezabwereza, monga conjugate gradient ndi GMRES, amadya memory yochepa koma amafuna preconditioner yoyenera, njira yokonzeratu maikweshoni kuti yankho lifikike msanga, ndipo popanda iyo amatha kuzungulira osafika. Musanasinthe solver, chepetsani vuto lenilenilo. Ngati chinthu chili chofanana mbali ziwiri, werengerani theka lake. Ngati ndi chozungulira ngati thanki kapena paipi, chiwerengereni mu 2D monga axisymmetric. Ngati khoma ndi lalitali kwambiri, dulani kagawo kamodzi. Ndipo pulogalamu ikadandaula kuti matrix ndi singular, kutanthauza kuti maikweshoni alibe yankho limodzi lokha, kawirikawiri vuto si solver koma kuti chinthu chanu simunachimange mokwanira, popeza mu 3D chinthu chosamangidwa chili ndi njira zisanu ndi imodzi zoyendera kapena kuzungulira chonse osapindika.

Kumbali ya magetsi, `tmux` ndi `nohup` zimateteza ntchito imene ikuyenda pa kompyuta yakutali pamene netiweki yanu yaduka, koma sizithandiza kanthu batire ya laputopu yanu ikatha. Pa ntchito ya maola ambiri gwiritsani ntchito mafayilo oyambirapo: CalculiX ili ndi *RESTART, Elmer ili ndi Output File ndi Restart File, ndipo mu FreeFEM kapena FEniCSx, mbadwo watsopano wa FEniCS, mumalemba nokha kuti yankho lizisungidwa pakatha masitepe angapo. Pa mfundo imeneyi mapulogalamu okonzedwa kale ali patsogolo pang'ono.

Wa masamu kapena wa sayansi ya madzi apansi ayambe ndi FreeFEM, ndipo asamukire ku FEniCSx pokhapokha ngati Python ikufunikadi pa ntchito yake. Wa uinjiniya wa magetsi apirire mizere yambiri ya GetDP. Wa zomangamanga ndi wa makina atenge CalculiX, ndipo ayang'ane Code_Aster akadzafika pa konkire yong'ambika kapena pa chivomezi. Pa Ubuntu ndi Debian, Gmsh, GetDP, CalculiX ndi FreeFEM zimapezeka ndi `apt install`, ngakhale kuti makope a kumeneko amatsalira kumbuyo kwa atsopano. Elmer, FreeFEM, Gmsh, GetDP ndi CalculiX zili ndi makope ake a Windows, ndipo ena onse amayenda pa Windows kudzera pa WSL, njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows. Popeza ziphaso zawo zimalola kugawana, munthu mmodzi amene ali ndi Wi-Fi yabwino atha kukoka mapulogalamuwa kamodzi n'kugawira kalasi yonse pa flash. Mu lipoti lanu lembani nambala ya kope la pulogalamu limene munagwiritsa ntchito, mtundu wa tizidutswa, ndi manambala a mesh ziwiri kapena zitatu zosiyana kukula, kuti woyesa aone kuti yankho linasiya kusintha musanalilembe.